Poizoni Wopanda Womuthira

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka lero masana, bedi lachiwiri kuchokera pakhomo la wodi ya amuna. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo miyezo ya mapaipi kuntchito. Masamba akumbuyo anali oyera, ndiye ndati ndizilembamo kuti tsiku lizitha.

Maso anga achita chikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, mseru sukutha. Atenga magazi timabotolo titatu, andiika diripi kudzanja lamanzere. Zaka zonsezi ine pulambala ndakhala ndikulowetsa mapaipi m'makoma a eni ake, lero paipi yalowa mwa ine.

Akazi anga ndiwo anandiperekeza. Achemwali anga aakulu anafika madzulo, anandisuzumira m'maso, kenako anatembenuka n'kuyang'ana mlamu wawo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Achemwali akakhala chete m'pamene amakhala atanena zambiri.

Ndatopa. Ngakhale cholemberachi chikulemera.

Lachiwiri, 4

Dokotala ndi mayi wamfupi, wofulumira pakamwa. Wandidina kumanja pansi pa nthiti, ine kubuula.

"Chiwindi chatupa, bambo. Ndi vayirasi, kachilombo kolowa ndi madzi kapena chakudya chodetsedwa."

Nditamva zoti kachilombo mtima unangoti phwii. Iye anaona nkhope yanga. "Ayi, si kamene mukuganizako. Tizilombo tilipo tambirimbiri. Mumagwira ntchito yanji?"

Ndamuuza. Ndamuuzanso kuti mwezi wathawu ndinatsegula suweji yotsekeka, paipi ya zonyansa za m'zimbudzi, kuseri kwa nyumba zosanja, ndipo masana ndinadyera buledi pomwepo, manja nditangopukutira ku ovololo. Anangogwedeza mutu n'kulemba.

Akuti mankhwala opha vayirasi ameneyu palibe, thupi limamenya lokha. Changa n'kugona, kumwa madzi ambiri ndi kudya chomwe ndingathe. Diripi mabotolo awiri patsiku, jakisoni woletsa kusanza m'mawa ndi madzulo. Mowa ayi, zitsamba ayi, mapiritsi a mutu ogula m'golosale ayi.

Ndinawafotokozera achemwali zonsezi. Za suweji sanazitole. Anatola ziwiri zokha: chakudya, ndi matenda opanda mankhwala.

Ndilembe pano kuti zidziwike. Akazi angawa ndi achiwiri, oyamba anamwalira. Awa ndinawapeza akugulitsa chakudya pamalo pomwe tinkamanga sitolo, ndipo ndinayamba kukonda msuzi wawo ndisanawadziwe mwini wake. Achemwali mpaka lero amati anabwerera nyumba yanga.

Lachitatu, 5

Pabedi la kumanja kwanga pali mkulu wina amene wodi yonse imangomuti Aphunzitsi. Anapuma ntchito kalekale. Vuto lawo ndi mtima, miyendo imatupa. Amamwa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi, m'mawa uliwonse amawakweza pasikelo, ndipo mbale yawo imabwera payokha, yopanda mchere. Mwana wawo wamkazi amakhala kutali, ndiye nthawi ya alendo amangoyang'ana kudenga. Koma pakamwa pokha sipadwala.

M'mawa achemwali anabweretsa phala lamadzimadzi, lopanda chilichonse. Ndinamwa theka la kapu, linakhazikika.

Masana akazi anga anafika ndi kontena yawo yobiriwira: mpunga, nkhuku yokazinga, msuzi wonyezimira mafuta pamwamba. Atangotsegula chivundikiro m'mimba munatembenuka. Fungo lomwe linandikwatitsa lija lero likundithamangitsa.

"Idyani, bambo, wodwala amafuna mphamvu. Ndadzuka m'mamawa."

Maso awo anali ofiira. Ndinalephera kuwauza. Ndinati ndidya chikazizirako, adzatenge kontena madzulo.

Atangotuluka, Aphunzitsi anatsokomola. "A pulambala, ine ndaphunzitsa ana ambiri kuti kutaya chakudya n'kuchimwa."

"Si anakuletsani mchere inu?"

"Anandiletsa wa m'khitchini muno. Wa kunyumba kwanu sanautchule."

Ndinawapatsa. Anakomba mpaka m'makona. Madzulo akazi anga anatenga kontena yopanda kanthu, n'kumwetulira koyamba chibwerere kuno.

Lachinayi, 6

Diripi yatupitsa dzanja, aisamutsira kumanja. Ndikulemba mokhotakhota.

Aphunzitsi atadya nsomba yokazinga ya lero anati salipira ndi china koma maphunziro.

"Mukudziwa kuti dzina la matenda anuwo ndi lachikale kuposa chipatala chino? Vayirasi ndi mawu a Chilatini, chilankhulo chomwe ansembe anatikhoma nacho tili anyamata. Eni akewo ankatchula viirusi. Sankanena kachilombo ayi, tizilombo anali asanationepo. Ankanena zamadzi zoipa: ululu wa njoka, zoterera zimene nkhono imasiya poyenda, madzi owawa a chomera chakupha. Mwachidule, poizoni."

Ndinayang'ana kukhomo. "Aphunzitsi, chonde, mawu omalizawo asamveke achemwali anga ali muno."

Anaseka mpaka kubanika. Atapeza mpweya anapitiriza kuti patapita zaka mazanamazana madokotala akale anawatola mawuwo n'kumatchulira mafinya a pachilonda, aja ankati akakhudza wina amamupatsira matenda.

"Nanga za vayirasi wa mufoni?" anafunsa bambo wa pabedi la kutsogolo kwathu, wothyoka mwendo.

"Amenewo ndi ana adzulo. Anaona chinthu cholowa mwakachetechete n'kumachulukana chokha, anabwereka dzina. Mawu ali ngati jekete la bambo, a pulambala. Aliyense m'banja amalivalako."

Ndinagona iwo akulankhulabe.

Lachisanu, 7

Anandijambula m'mimba ndi makina aja opaka mafuta ozizira. Chiwindi n'chotupa, koma chotupa china mulibe, njira ya ndulu ndi yotseguka. Paipi sinatseke, ndinamva bwino pamenepo.

Thupi lonse kuyabwa. Andipatsa mankhwala odzola oyera. Kupita kuchimbudzi ndi kubwerera ndi ulendo.

Mazira okazinga ndi mbatatesi. Adya Aphunzitsi.

Loweruka, 8

Achemwali lero atulutsa zomwe anameza Lolemba. Anadikira ndimwe phala, n'kukokera mpando pafupi.

"Achimwene, ine ndine mlongo wanu, sindingakubisireni. Munthu wagwira ntchito m'suweji zaka makumi atatu osadwala, lero ndiye suweji yakudziwani? Matenda anji opanda mankhwala? Chiwindi sichitupa chokha. Chimatupa ndi chimene munthu wadyetsedwa."

"Achemwali, dokotala wanena."

"Dokotala sagona kunyumba kwanu."

Ndinayenera kukalipa. Ndinali ndi mawu ake, koma mphamvu yowanyamulira kuchoka pachifuwa kufika pakamwa inalibe. Ndinangotseka maso. Iwo anatenga kutseka masoko ngati kuvomera.

Masana Aphunzitsi anapitiriza phunziro, ndipo ili ndinalimvetsa chifukwa muli sefa. Akuti kale fodya wa alimi kumaiko akutali ankachita mawangamawanga. Akatswiri anafinya masamba odwalawo, madzi ake n'kuwadutsitsa m'sefa ya dongo lowotcha, yothina kwambiri moti tizilombo tonse todziwika nthawi imeneyo tinkatsalira. Madzi anatuluka oyera mbee. Atawapaka pa fodya wabwinobwino, nayenso anadwala.

"Ndiye inu pulambala mukanati chiyani?"

"Ndikanati sefa yabooka."

"Sinabooke. Iwo anati ngati sichikutsala m'sefa ndipo sichikuoneka, ndiye kuti ndi chamadzimadzi, n'kuchipatsa dzina lakale lija la poizoni. Munthu akalephera kuona chimene chikumupweteka amathamangira mawu amenewo."

Lamulungu, 9

Wodi yadzaza alendo ndi nyimbo. Mutu ukuwawa.

Akazi anga abwera atavala bwino, akuchokera kutchalitchi. Anauza mayi wodikirira bedi loyandikana kuti, "Awa chakudya cha m'chipatala sadya, koma changa amakomba." Ananena monyadira, mokweza, kuti zikafike komwe zikafike. Ndikudziwa kuti za achemwali zawafika m'khutu. Kontena yopanda kanthu ija ndiyo mboni yawo. Lero awonjezera chiwindi cha ng'ombe chokazinga, ati chiwindi chikachize chinzake.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Ndinatsekanso. Ndinati mawa.

Masilipasi a Aphunzitsi sakulowa. Namwino anayang'ana sikelo m'mawa, anawatsitsa, n'kuwakwezanso. Ndinawauza kuti lero asadye. Anati, "Kamodzi komaliza."

Lolemba, 10

Sindikufuna kulemba, koma tulo palibe ndipo dzuwa lidakalipo.

Chakumasana Aphunzitsi anayamba kubanika, kupuma ngati mpope wokoka mpweya m'malo mwa madzi. Anawakhazika tsonga, anawaika okosijeni, jakisoni wochotsa madzi, kenako anawakankhira kuchipinda cha odwala kwambiri. Kontena yomwe akazi anga anabweretsa lero inatsala pa kabati yawo, theka la mpunga ndi nyama lili momwemo.

Chakumadzulo belu la alendo litalira, akazi anga ndi achemwali analowa motsatizana. Namwino wamkulu anali ataima pakati pa mabedi, kontena ili m'manja.

"Iyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanga," anatero akazi anga. "Ndi ya abambowa."

"Ya abambowa ikutani apa? Sabata yonse tikudabwa kuti mkulu uja akutupiranji, mankhwala tikuonjezera, osadziwa kuti mukumudyetsa mchere ndi mafuta. Mukufuna kutiphera munthu?"

Namwino ankanena za mchere, ndipo mlandu unali wanga ndi wa Aphunzitsi. Koma achemwali anaomba m'manja kamodzi.

"Ehee! Mwini wake ankachidziwa, n'chifukwa sankadya. Wadya mnzake, mwaona zomwe zamuchitikira?"

Akazi anga sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana ine.

"Masiku onsewa, bambo?"

"Ndi mafuta, mayi. Fungo la mafuta limandi..."

"Masiku onsewa."

Analandira kontena kwa namwino, anaitseka bwinobwino mbali zonse zinayi, n'kutuluka. Ndinafuna kuwatsata, paipi ya diripi inandikoka.

Lachiwiri, 11

Sanabwere. Foni ikungoitana.

Atenganso magazi. Diripi botolo limodzi. Bedi la kumanja layalidwa, lilibe munthu.

Phala la achemwali ndamwa masipuni awiri. Anakhala nthawi yaitali pabenchi la panja ndi amayi odikirira odwala. Ndimamva mawu awo pawindo.

Manyazi ndi kutopa, sindikudziwa chachikulu.

Lachitatu, 12

Abwera masana, chimanjamanja. Anakhala pampando, manja ali pamiyendo.

"Sindinatenge kanthu, ngakhale madzi. Pasapezeke chonena."

Ndinawafotokozera zonse, za fungo, za mseru, za maso awo ofiira tsiku lija. Anamvetsera osandidula.

"Mukanangoti, mayi, mafuta ayi. Mawu atatu. Ine ndaphikira amisiri, odwala shuga, ana oyamba kudya. Mpunga wa madzi okha ungandikanike? Koma munaona chabwino n'kundisiya ndizinyada ndi kontena yokombedwa ndi munthu wina." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Mukudziwa dzina langa panjapo? Mayi wa kontena. Ndikudutsa, mayi wina wakokera mbale ya mwamuna wake kumbuyo. Kwathu kumsika amva kale. Dzulo amisiri awiri amene amadya kwa ine tsiku ndi tsiku apita kwa mnzanga."

Potuluka anandifunda bulangeti kumapazi, mwachizolowezi, koma sanatsanzike.

Lachinayi, 13

Aphunzitsi abwerera, aphwa ngati thumba lokhuthulidwa, mawu ali pansipansi. Za Lolemba amva kwa namwino.

"Mcherewo ndinaupempha ndine, a pulambala. Ndauza dokotala, ndauza namwino wamkulu."

"Benchi la panja mwaliuza?"

Anayang'ana kudenga. Kenako anati, "Nkhani ya fodya ija sindinamalize. Patapita zaka anapanga makina oonera tinthu tating'onoting'ono, n'kuona kuti si madzi, si poizoni, ndi kanthu kokhala ndi thupi lake, kolowa mwa chamoyo n'kumachulukana. Aliyense anavomera kuti akale aja analakwitsa. Koma dzina silinachoke. Mpaka lero dokotala wanu akuti vayirasi."

"Ndiye mukundiuza chiyani?"

"Ndikuti cholakwa chimakonzeka, koma dzina likauma silichoka. Ndi simenti ija mumaidziwa inu. Ndipo taonani kusiyana kwake. Vayirasi amalowa yekha, alibe mwini. Poizoni amafuna dzanja lomuthira. N'chifukwa chake anthu amakonda poizoni, amawapatsa munthu womuloza chala."

Dokotala wati magazi ayamba kubwerera m'malo, chikasu chikutsika. Diripi achotsa. Akufuna aone ndikudya ndi kusunga chakudya m'mimba, ndiye anditulutse. Ndinamupempha alankhule ndi achemwali. Analankhula nawo bwino, mpaka kujambula chiwindi papepala. Achemwali anathokoza mwaulemu, dokotala atachoka n'kuti, "Za m'buku amazidziwa, mwana wabwino."

Ndiye ndinawabwezera kapu ya phala yodzaza.

"Achemwali, mwandisamala, zikomo. Koma kuyambira lero sindidya cha munthu wina aliyense, ngakhale cha m'chipatala, mpaka ndidye cha akazi anga. Mawa masana mubwere. Mukhale pampando uwo."

"Mwalodzedwa inu."

"Mubwere basi."

Ndinatumiza uthenga pafoni kwa akazi anga kuti mawa masana andibweretsere chakudya. Sanayankhe. Mbale ya madzulo ndaibweza. Njala ndilibe, ndiye si kulimba mtima kwenikweni. Mantha anga ndi amodzi: ndikadya mawa n'kusanza pamaso pa achemwali, simenti yauma.

Lachisanu, 14

M'mawa ndinapempha namwino wamkulu uja kuti jakisoni woletsa kusanza andibaye chakumasana. Anandiyang'ana, n'kuti, "Pa zimene ndinalankhula Lolemba zija, ndinalankhula ndi mkwiyo." Anandibaya belu litatsala pang'ono.

Achemwali anafika oyamba, n'kukhala pampando uja, chikwama pamiyendo. Amayi awiri a pabenchi anapeza chifukwa choimira pakhomo. Ndinayamba kuganiza kuti akazi anga sabwera.

Anabwera. Kontena yobiriwira yomwe ija, sanasinthe. Anaitsegula pamaso pa onse: mpunga wofewa wophika ndi madzi okha, karoti, ndi kachidutswa ka nsomba yowiritsa. Anatenga sipuni kuti alawe okha poyamba, anthu aone.

Ndinawagwira dzanja. "Ayi. Kunyumba simulawa. Patseni."

Sipuni yoyamba inatsika. Yachiwiri inatsika. Yachisanu inaima pakhosi n'kuyamba kufunsa njira yobwerera. Thukuta linatuluka pamphumi, malovu kudzaza mkamwa. Ndinayang'ana msomali wa pakhoma n'kumapuma ndi mphuno. Aphunzitsi anaona, n'kuyamba kufunsa achemwali mokweza ngati anaphunzirapo Chilatini, kuti maso achoke pa ine. Achemwali sanatembenuke.

Akazi anga anasuntha beseni ndi phazi mpaka pafupi ndi bedi, mwakachetechete, n'kuima pakati pa ine ndi mlamu wawo.

"Basi, bambo, zakwana," ananong'ona. "Musadzizunze chifukwa cha ine."

"Mwathira chiyani mumpungamu?" ndinafunsa mokweza.

"Kamchere pang'ono."

"N'chifukwa chake. Phala la achemwali lija linalibe."

Wothyoka mwendo anaseka, amayi a pakhomo nawonso. Mseru unabwerera pansi pang'ono, ngati madzi a m'sinki ukachotsa chotsekera. Ndinadya pang'onopang'ono, ndikupumira, mpaka sipuni inayamba kulira pansi pa kontena. Ndinakomba m'makona monga ankachitira Aphunzitsi.

Achemwali anaimirira. "Tiona mawa," anatero, n'kutuluka. Sindikudziwa ngati adzasinthe. Mwina dzina lija lidzatsalira pakamwa pawo mpaka kalekale. Koma mmodzi wa amayi aja anafunsa akazi anga kuti mpunga wofewa chonchi amauphika bwanji, mwamuna wake akukana chilichonse.

M'chikwama munali kakontena kena kakang'ono. Anakaika pa kabati ya Aphunzitsi. "Aka kalibe mchere ngakhale kambewu kamodzi. Namwino wavomera. Mukatupanso musanditchule."

Aphunzitsi analandira ndi manja awiri. Sananene mawu a Chilatini kapena a chilankhulo china chilichonse.

Tsopano belu la madzulo lalira, alendo atuluka. Beseni lidakali pansi pa bedi, louma. Mimba ikulemera, zikope zikulemera, dzanja likukana kulemba. Pawindo ndikuona akazi anga pampope wa panja, pakati pa amayi ena, akutsuka kontena yopanda kanthu. Lero ndadya ndine.